Kodi Mwamuna Avale Chiyani Mkati mwa Suti ya M'madzi?

 Amene muli kunyumba, amene muli pa ulendo, ndi inu amene mwakhala pagombe mukusoka ukonde wailesi ili pambali, ndakulandirani ndi manja awiri ku pulogalamu yathu ya lero. Khalani momasuka, ticheze.

Lero tikamba za chovala. Mwina munaonapo ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay anthu akukwera boti atavala chovala chakuda, chothina, chogwira thupi kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo, ena atabereka botolo la mpweya kumsana. Chovala chimenecho ndi wetsuit, suti ya m'madzi. Ife lero tiyang'ana chimene mwamuna amavala mkati mwa sutiyo, chija sichioneka. Abambo ambiri amachita manyazi kufunsa za chimenechi. Munthu amapatsidwa suti, n'kulowa nayo m'kachipinda kosinthira, ndipo ali momwemo amayamba kudzifunsa yekha kuti, kodi kabudula wangayu ndivule kapena ndimusiye? Womufunsa palibe, ndiye amangovala mmene waganizira. Pakatha ola limodzi m'madzi amatuluka m'mphechepeche mutanyuka, m'khwapa mukuwotcha, thupi likunjenjemera, ndipo amaganiza kuti suti ndi chinthu chozunza. Chonsecho cholakwika chinali kansalu kamene anavala mkati.

Wina anganene kuti zimenezi n'za alendo a ndalama zawo. Ayi ndithu. M'mbali mwa nyanja yathu muli anyamata amene akuphunzira ntchito yotsogolera alendo pansi pa madzi, kukawaonetsa mbuna pa miyala ya m'mbali mwa zilumba za Thumbi ndi Domwe, mu Lake Malawi National Park. Alipo ena amene ntchito yawo ndi kugwira tinsomba tokongolati tili tamoyo kuti titumizidwe kunja, ndipo amenewa amakhalitsa m'madzi. Kwa iwo suti ndi chovala cha ku ntchito. Tilinso ndi abale athu ku Cape Town, ku Durban, ngakhale ku Britain, amene iwo eni kapena ana awo akuphunzira kusambira m'nyanja ya mchere ndi kukwera mafunde pa thabwa. Onsewa funso lija limawapeza.

Tisanafike pa kabudula, tiyambe tamvetsa mmene sutiyi imagwirira ntchito, chifukwa zonse zimene ndinene kutsogoloku zikuchokera pamenepa. Suti ya m'madzi amaisoka ndi labala wopangidwa m'fakitale wotchedwa neoprene. Labala ameneyu anatulukira ku kampani ya DuPont ku America mu 1930. Amene amasokera masuti ndi wofewa, ndipo mkati mwake muli timathovu ta mpweya tosawerengeka, totsekeka, tosalowa madzi. Timathovu timeneti ndi timene timatchinga kuti kutentha kwa thupi kusathawe. Paja madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri, kuposa mpweya maulendo oposa 20. Nyanja yathu ya Malawi ndi yofunda, pamwamba pake madzi amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29, koma thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Ndiye ngakhale madzi amveke ofunda polowa, munthu akakhalitsamo amayamba kuzizidwa, milomo kugwedezeka, zala kuuma. Asodzi a m'nyanja akudziwa zimene ndikunenazi.

Tsono mvetserani apa. Sutiyi siletsa madzi kulowa. Madzi pang'ono amalowa ndithu, kudzera m'khosi, m'mikono, m'miyendo ndi pa zipi. Thupi limatenthetsa timadzi timeneto, ndipo tikakhala pomwepo osatuluka, munthu amakhala bwinobwino. Nzeru imeneyi, yakuti munthu angathe kunyowa koma osazizidwa, anaitulukira ndi katswiri wa sayansi Hugh Bradner wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Cha m'nthawi yomweyo Jack O'Neill ndi ana awiri a banja la Meistrell, konko ku California, anayamba kusoka masuti ndi kugulitsa kwa anthu osambira ndi okwera mafunde. Vuto limabwera suti ikakhwepa. Pakakhala mpata pakati pa labala ndi khungu, madzi amene thupi latenthetsa amatuluka nthawi iliyonse mukatambasula mkono kapena mwendo, ndipo ozizira amalowa m'malo mwake. Thupi limangokhalira kutenthetsa madzi atsopano mpaka kutopa.

Choncho suti imagwira ntchito ikamamatira thupi. Ndiye chilichonse chimene mwavala mkati chisasokoneze kumamatirako. Nayi mfundo yaikulu ya lero, muigwire bwino: chovala chamkati chikhale chopyapyala, chogwira thupi, chosalala, ndiponso chosamwa madzi. Ndibwereze pang'onopang'ono. Chopyapyala. Chogwira thupi. Chosalala. Chosamwa madzi. Mukaiwala mayina onse amene nditchule, zinayi zimenezi zokha zidzakuthandizani kusankha.

Tiyambe ndi zimene siziyenera, chifukwa ndi zimene ambiri amavala tsiku loyamba. Choyamba ndi kabudula wamkati wa masiku onse, uja wa nsalu ya thonje. Pamtunda thonje ndi labwino, limamwa thukuta ndipo silitentha. Koma m'madzi khalidwe lomwelo ndi limene limapweteka. Nsalu ya thonje imamwa madzi n'kuwasunga. Ikanyowa imalemera, imakhwepa, imakwinyika, ndipo makwinya ake amakhala akukwecha khungu nthawi yonse imene mukupalasa miyendo. Mukatuluka m'madzi simauma msanga, imakhala yozizira pathupi mpaka madzulo. Chimodzimodzinso sikipa kapena vesiti ya thonje. Ena amaivala mkati poganiza kuti iwonjezera kufunda, koma imangowonjezera kulemera ndi makwinya. Achimwene, za thonje zisiyeni m'chikwama, mudzazifuna zouma mukatuluka.

Chachiwiri ndi kabudula wamkulu uja wosambirira, wofika m'mawondo, wa matumba ndi chingwe m'chiuno. Ameneyu amanamiza anthu chifukwa ndi wa m'madzi ndithu, ndipo pagombe ndi woyenera. Koma taganizani zimene zimachitika mukamakoka suti yothina kuchokera kumapazi kukwera nayo m'mwamba. Miyendo ya kabudulayo imakwera nayo limodzi, n'kukaunjikana m'mphechepeche. Simungalowetse dzanja kuti muwongole chifukwa suti yagwira. Mfundo ya chingwe ija imatsamira pamimba, ndipo ngati mwamanga lamba wa zitsulo zolemera uja amavala olowa pansi pa madzi, mfundoyo imadinda pakhungu. Matumba nawo amapanga mipata yosunga madzi. Zimakhala ngati sokosi yopindika mkati mwa nsapato pa ulendo wautali wa pansi. Poyamba simumva kanthu, koma pofika kumene mukupita, thuza latuluka. Ndikudziwa kuti ambiri amavala kabudula wotereyu, ndipo ngati mukungolowa m'madzi kwa kanthawi kochepa mutavala suti yaifupi, mutha kupirira. Koma kwa munthu amene akhale m'madzi maola, kapena amene alowemo lero ndi mawa ndi mkuja, ine ndikuti ayi, musadzipweteke.

Nanga choyenera n'chiti? Pali mitundu iwiri imene abambo ambiri odziwa madzi amavala. Woyamba ndi kabudula wamng'ono uja wa anthu a mpikisano wosambira, amene ambiri amangomutchula kuti Speedo potengera dzina la kampani imene inayambira ku Australia. Alibe miyendo, ndiye palibe chopindika. Wachiwiri ndi wothina wofika pamwamba pa mawondo, amene m'masitolo amamutcha jammer. Onsewa amasokedwa ndi nsalu ya nayiloni kapena poliyesita yosakaniza ndi ulusi wotamuka wotchedwa Lycra, umene unatulukiranso ku DuPont mu 1958. Nsalu imeneyi simwa madzi ambiri, imauma msanga, ndipo ndi yoterera, moti suti imadutsa pamwamba pake mosavuta. Kwa mwamuna palinso phindu lina limene tiyenera kulinena mwaulemu koma momveka. Kabudula wogwira thupi amasunga ziwalo zachimuna malo amodzi, kuti zisapanikizike ndi msoko wa pakati pa miyendo ya suti pamene mukupalasa kapena kukhala pa thabwa.

Pa awiriwa ine ndingasankhe wofika m'mawondoyo. Chifukwa choyamba n'chakuti amaphimba mkati mwa ntchafu, kumene khungu limanyuka kawirikawiri. Chifukwa chachiwiri ndi ulemu. Gombe la kwathu kuno si la osambira okha. Pa Chembe, ku Cape Maclear, pamakhala amayi akuchapa ndi kutsuka mbale, ana akusewera, akuluakulu atakhala pamthunzi. Mwamuna akavula suti pamalo otere n'kutsala ndi kabudula wofika m'mawondo, palibe amene angayang'ane kumbali.

Wina akuti, kodi zimenezi ndikazipeza kuti, poti sitolo ya zosambirira kwathu kulibe? Musade nkhawa. Kabudula wothina uja osewera mpira amavala mkati mwa yunifolomu amagwira ntchito yomweyo, ndipo pa kaunjika amapezeka. Posankha, werengani kachikwangwani ka mkati kuti muone ngati nsaluyo ili ndi thonje. Kenaka mutembenuze n'kuyendetsa chala pa misoko. Msoko wabwino ndi wophwatalala, wosatumphuka. Pasakhale zipi, batani kapena thumba. Chenjerani ndi makabudula a anthu opalasa njinga za mpikisano. Amaoneka chimodzimodzi, koma ali ndi kansalu kokhuthala pokhalira, ndipo kameneko kamamwa madzi. Mukagula, chapani kaye musanavale.

Tsopano tifike pa funso limene mwina ena mwakhala mukulidikira. Kodi n'zololedwa kusavala chilichonse mkati? Inde, n'zololedwa, ndipo anthu ambiri okwera mafunde amachita zimenezo. Masuti oyambirira aja anali a labala wosakutidwa, womata ndi wong'ambika msanga, moti anthu ankadzola paudala kuti alowemo. Masuti ambiri a masiku ano amakutidwa ndi kansalu kofewa mkati, ndipo anapangidwa kuti azigunda khungu lenileni. Popanda chovala chamkati palibe chopindika, palibe msoko wowonjezera. Ngati sutiyo ndi yanuyanu, ikukukwanani bwino, ndipo muli ndi malo osinthira kapena thaulo lalikulu lodzikulunga m'chiuno, palibe cholakwika.

Koma ngati sutiyo ndi yobwereka, kapena ndi ya pamalo pophunzitsira pamene amavala anthu osiyanasiyana, valani kabudula mkati. Chifukwa chake ndinene mosabisa, poti ndi nkhani ya thupi la munthu aliyense. Munthu akalowa m'madzi, makamaka ozizira, mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo imachepa, ndipo madzi amafinya thupi mbali zonse. Magazi ambiri amathamangira m'chifuwa ndi m'mimba. Thupi likaona choncho limayesa kuti madzi achuluka m'magazi, ndiye impso zimayamba kupanga mkodzo wambiri. N'chifukwa chake munthu amene anakodza asanalowe m'madzi amamvanso mkodzo posakhalitsa. Ali pansi pa nyanja, kapena kutali ndi gombe, ambiri amangotayira m'suti momwemo. Malo osamala amatsuka masuti awo ndi mankhwala akatha kuvalidwa, koma inu simunaone mmene sutiyo inatsukidwira. Kabudula sangatchinge chilichonse chimene chili m'madzi, komabe amaletsa malo obisika kukhudzana mwachindunji ndi nsalu imene wina anavala dzulo. Ndipo musachepetse kumwa madzi poopa mkodzo. Thupi louma limatopa msanga, ndipo kwa olowa pansi pa madzi ndi botolo la mpweya, kusowa madzi m'thupi n'koopsa.

Tipumire pamenepa kaye. Takamba za m'chiuno kutsika m'munsi. Tikabwerako tikwera kumtunda, tione za pachifuwa, za madzi ozizira, ndi za kavalidwe kake. Pamene nyimbo ikuyimba, yesani kukumbukira zinthu zinayi zija.

(Nyimbo)

Takulandiraninso. Kwa inu amene mwangotsegula wailesi, tikukamba za chimene mwamuna avale mkati mwa suti ya m'madzi, ndipo tanena kuti chikhale chopyapyala, chogwira thupi, chosalala ndiponso chosamwa madzi.

Tsopano za pachifuwa. Pali malaya othina a nsalu yotamuka ija otchedwa rash guard, ena a manja aafupi, ena a manja aatali. Ntchito yake ndi kuteteza khungu m'malo amene suti imakwecha kwambiri: m'khwapa, kuzungulira khosi, ndi pa nsonga za mawere. Inde, abambonso amanyuka pamenepo, makamaka okwera mafunde amene amagona chafufumimba pa thabwa akupalasa ndi manja. Abambo a cheya chambiri pachifuwa amathandizidwanso, chifukwa suti siikoka cheyacho povala ndi povula. Phindu lina limaoneka pa boti. Anthu akatuluka m'madzi amatsitsa suti mpaka m'chiuno kuti apume, ndipo dzuwa la panyanja limawotcha msana ndi mapewa. Malaya amenewa amatchinga dzuwalo. Kwa abale athu achialubino, amene khungu lawo limapsa msanga ndi dzuwa, malaya otere a manja aatali ndi ofunika kwambiri panyanja, ngakhale tsiku limene sanavale suti.

Koma pali chimodzi chimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Rash guard wamba safunditsa kwenikweni. Ndipo akanyowa, inu n'kukhala pa boti mphepo ikuwomba, amakuzizitsani pamene madzi akuuma pansaluyo. M'miyezi ya June ndi July, mwera ukamawomba panyanja yathu, ndi bwino kuvula malaya onyowawo, kudzipukuta, n'kuvala juzi youma podikira kulowanso.

Nanga kumene madzi ndi ozizira zenizeni? Abale athu a ku Cape Town akudziwa. Mbali ya kumadzulo kwa mzindawo, ku magombe monga Camps Bay ndi Clifton, madzi ake amachokera mu mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Benguela, ndipo nthawi zambiri amakhala pansi pa madigiri 15. Chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri m'nyengo yotentha, chifukwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe, ndipo ozizira a pansi amakwera. Ku Durban n'kosiyana, kumeneko kumadutsa madzi ofunda a Agulhas. Kwathu kuno suti yopyapyala ya mamilimita atatu imakwanira nthawi zambiri. Ku Cape Town ndi ku Britain anthu amavala yokhuthala, ya mamilimita anayi, asanu kapena kuposa, ndipo ena amawonjezera chofunditsa mkati. Chofunditsacho chimakhala vesiti yopyapyala ya neoprene yemweyo, nthawi zina yolumikizana ndi chipewa chophimba mutu, kapena malaya othina a ulusi wa m'fakitale okhala ndi ubweya wofewa mkati. Vesiti ya chipewa imathandiza pawiri. Imafunditsa mutu, ndipo imatchinga madzi ozizira amene amalowera m'khosi n'kutsika pamsana.

Olowa pansi kwambiri ali ndi chifukwa china chowonjezera vesiti. Munthu akamatsika, madzi amafinya timathovu tija ta mu labala, suti imapyapyala, ndipo kufunda kwake kumachepa. Suti imene inali yofunda pamwamba imatha kuzizira mukafika pansi.

Komabe apa chenjezo lilipo. Chilichonse chimene mwawonjezera mkati chimadya malo. Ngati suti inali yothina kale, kuwonjezera vesiti kungakupanikizeni chifuwa mpaka kupuma kuvuta, ndipo m'madzi kupuma movutikira kumabweretsa mantha, mantha n'kubweretsa ngozi. Khosi nalo lisathinitsitse, chifukwa kufinya mitsempha ya m'khosi kumachititsa chizungulire. Ndiye mukamakayesa suti, kaya mukugula kaya mukubwereka, pitani mutavala zomwezo zimene muzidzavala mkati. Ndipo ngati suti ndi yaikulu kwa inu, musaganize zodzaza mpatawo ndi masikipa awiri kapena atatu. Pemphani suti ina ya msinkhu wanu.

Tiyeni tsopano tivale limodzi, muone ndi maso a m'maganizo. Thupi likhale louma, chifukwa lonyowa limamata. Vulani wotchi, mphete ndi tcheni. Valani kabudula wanu wothina uja n'kumuwongola bwino. Ngati phazi likukana kudutsa, livekeni jumbo, lidzaterera n'kutulukira kunja, kenaka chotsani jumboyo muveke phazi linalo. Kokani suti pang'onopang'ono, ndi mimba za zala, osati ndi zikhadabo, chifukwa zikhadabo zimaboola labala. Malo okhuthala a pa mawondo afike pa mawondo enieni. Mukafika m'ntchafu imani kaye, muone ngati miyendo ya kabudula sinapindike, ndipo konzani zonse zikhale m'malo mwake musanapitirire. Pamenepa ndi pamene ambiri amafulumira. Kokerani suti m'mwamba mpaka pakati pa miyendo pagwire bwino. Mukasiya mpata pamenepo, mumakhala thumba la madzi ozizira, ndipo sutiyo imakukokani m'mapewa tsiku lonse. Masuti ambiri zipi yake imakhala kumsana, ili ndi chingwe chachitali chokokera, ndiye musaitembenuzire kutsogolo. Mukatseka, nyonyomalani, kwezani manja m'mwamba, pumani mozama. Ngati pali pamene pakutsina kapena pakukwecha muli pamtunda, m'madzi padzapweteka kwambiri. Konzani pomwepo.

Ena amadzola mafuta m'khosi ndi m'khwapa kuti pasanyuke. Maganizo ake ndi abwino, koma samalani ndi mtundu wa mafuta. Kwathu kuno chimene chili pafupi m'nyumba iliyonse ndi Vaseline, koma opanga masuti amachenjeza kuti mafuta ochokera ku petulo amawononga labalayu ndi guluu wa m'misoko. Alipo mafuta opangidwira osambira, ndipo ngati simungawapeze, rash guard wa khosi lalitali amagwira ntchito yomweyo. Palinso anthu ochepa amene khungu lawo siligwirizana ndi mankhwala a mu neoprene. Amatuluka zidzolo zoyabwa paliponse pamene labala wagunda, ngakhale suti isanawakweche. Ngati zimenezi zikukuchitikirani nthawi zonse mukavala, pitani kuchipatala akakuoneni, musamangopirira.

Mwachidule ndinene za magulu awiri amene amachita zosiyana. Anthu a mpikisano uja wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga motsatizana, monga wa Ironman umene umachitikira ku Gqeberha ku South Africa, amavala mkati mwa suti chovala chimodzi chothina chimene apalasire njinga ndi kuthamangira, kuti akangotuluka m'madzi avule suti n'kupitirira. Pamene anthu olasa nsomba pansi pa madzi popanda botolo la mpweya amakonda masuti osakutidwa mkati, amene amamata pakhungu penipeni. Amenewa amavalidwa ndi madzi a sopo kuti aterere, ndipo mkati mwake anthu amavala kabudula wamng'ono yekha kapena osavala kalikonse.

Mukatuluka m'madzi ntchito sinathe. Musakhalitse ndi kabudula wonyowa. M'mphechepeche mukakhala monyowa ndi mofunda kwa nthawi yaitali mumamera chipere choyabwa, ndipo chimenechi chimavutitsa anthu ambiri ogwira ntchito m'madzi. Sambani ndi madzi oyera, dzipukuteni bwino, valani zouma. Amene mumalowa m'madzi tsiku ndi tsiku khalani ndi makabudula awiri, wina akamauma mukuvala winayo. Suti nayo itsukuluzeni ndi madzi oyera ozizira, muitembenuze, ndipo muiyanike pamthunzi. Dzuwa limaumitsa labala mpaka kusweka. Muipachike moipinda pakati pa ndodo yokhuthala, chifukwa waya wopyapyala amaidula m'mapewa.

Ndipo kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Malawi pali chinthu chimodzi chimene sindingatseke pulogalamu ndisanachinene. Pali anthu amene amakhulupirira kuti suti, kapena zovala zamkatizi, zimateteza ku likodzo. Musadalire zimenezo. Paja tanena kuti madzi amalowa m'suti. Tizilombo ta likodzo timachokera mu nkhono za m'madzi, timasambira m'madzimo, n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Kumene madzi afika, natonso tingafike. Timachuluka m'madzi osaya a m'mbali mwa gombe, kumene anthu amasamba ndi kuchapa, ndipo ndi momwemo mmene mumadutsa popita ku boti. Ngati ntchito yanu ndi ya m'nyanja, muzipita kukayezetsa kuchipatala ngakhale musakumva kupweteka kulikonse. Mukaona magazi mu mkodzo musachedwe. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel, ndipo amachiza.

Nthawi yathu yatha, koma ndikusiyireni funso loti mukambirane kumene mwakhalako. Inu amene munavalapo suti, tsiku loyamba lija anakuuzani ndani choti muvale mkati? Ndipo inu akuluakulu amene mumaphunzitsa anyamata ntchito ya m'madzi, kodi mnyamata watsopano akafika mumamuuza za kabudula asanalowe m'kachipinda kosinthira, kapena mumadikira kuti afunse yekha?